Phuma la Golide ndi Malonda a Makina Omufunira

M'mbiri ya anthu muli chinthu china chimene chimachitika mobwerezabwereza, ngakhale maiko atalikirane chotani. Mphekesera ikangomveka yakuti kwakutikwakuti kwapezeka golide, alimi amasiya makasu pamzera, akalaliki amatseka maofesi, ndipo onse amakhamukira kumeneko ngati ngumbi zoona nyali. Koma munthu sapita ku golide chimanjamanja. Ayenera kunyamula chida chofunira chumacho. Motero phuma lililonse lothamangira golide limabala phuma linzake lothamangira zida, ndipo kaŵirikaŵiri nkhani ya phuma lachiŵirili ndiyo imene imaonetsa bwino amene anakhuta ndi amene anagona ndi njala.

M'zaka makumi asanu zapitazi, chida chimene chakhala patsogolo pa ntchitoyi ndi makina ofufuzira zitsulo zobisika m'nthaka, amene okumba golide amangoŵatchula kuti ditekita. Tiyeni titsate mbiri ya makinaŵa, tione m'mene golide wakhala akukwezera malonda ake ndi kuŵagwetsanso, kuchokera ku Australia mpaka ku chipululu cha Sahara. Koma tiyambe tabwerera ku nthaŵi imene chida cha wofuna golide chinali fosholo ndi mbale.

Fosholo ndi mbale ku California

Pa 24 Januwale 1848, mmisiri wina dzina lake James Marshall anaona timiyala tonyezimira m'ngalande ya madzi, pamene ankamangira John Sutter makina ochekera matabwa m'mbali mwa mtsinje wa American ku California. Nkhaniyi inafika m'makutu a Samuel Brannan, wamalonda amene anali ndi sitolo kufupi ndi malowo. Brannan sanathamangire kumtsinje ai. Iye anayamba wagula mafosholo, mapiki ndi mbale zotsukira mchenga zonse zimene akanatha kupeza, nadzaza sitolo yake. Atatero ndi pamene anayenda m'miseu ya San Francisco, botolo la golide lili m'manja, akulengeza zimene zapezeka. M'zaka zoŵerengeka zotsatira, anthu pafupifupi 300,000 anafika ku California, ndipo padoko la San Francisco panadzaza zombo zosiyidwa, amalinyero ake atathaŵira ku golide. Ofika msanga anapeza kuti ogulitsa fosholo ngoŵerengeka pamene ofuna fosholo ndi chinamtindi, choncho analipira mtengo uliwonse umene anauzidwa. Brannan amadziŵika kuti ndiye munthu woyamba ku California kukhala ndi chuma chokwana madola miliyoni imodzi, ndipo chumacho chinachokera m'sitolo, osati m'dzenje.

Marshall, mwini kuona golide uja, anamwalira ali mmphaŵi mu 1885. Komanso Brannan yemweyo chuma chinamutha, namwalira wopanda kanthu mu 1889. Nkhani yonse ya ditekita ikuyenda m'mapazi a anthu aŵiriŵa: wogulitsa chida amalandira ndalama zake lero lomwe pamene wokumba akudikira mwai, komabe nayenso wogulitsayo phuma likatha amagwa.

Makina obadwira pambali pa wodwala

Ditekita sinapangidwe chifukwa cha golide. Mu Julaye 1881 pulezidenti wa dziko la America, James Garfield, anaomberedwa ndi mfuti, ndipo madokotala analephera kupeza pamene chipolopolo chinakhazikika. Alexander Graham Bell, yemwe uja anatulukira telefoni, anabwera ndi kachipangizo ka mawaya okulungakulunga kamene kankalira kakayandikira chitsulo. Kachipangizoko kanasokonezeka ndi mawaya a m'bedi la wodwalayo, ndiponso dokotala wamkulu analola kuti afufuze mbali imodzi yokha ya thupi, pamene chipolopolo chinali mbali inayo. Garfield anamwalira mu Sepitembala chaka chomwecho, koma nzeru ija sinafe naye.

Gerhard Fisher, Mjeremani wosamukira ku America, anatsegula kampani yake ku California mu 1931, nayamba kugulitsa makina otere. Pa nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse, msilikali wa ku Poland, Józef Kosacki, anapanga ditekita yofufuzira mabomba okwirira pansi, imene inathandiza kwambiri pa nkhondo ya ku El Alamein mu 1942. Nkhondo itatha, makina otsala a asilikali anagulitsidwa kwa anthu wamba, amene ankafunira ndalama zakale ndi mphete zotayika. Ku Oregon banja la a White linayamba mu 1950 kupanga makina ofufuzira mwala wa uranium, umene boma la America linkagula kwambiri masiku amenewo. Boma litachepetsa kugula, msikawo unazima ngati moto wa mapesi, ndipo kampani ya White's inapulumuka potembenukira ku maditekita. Charles Garrett naye anayamba kupanga ake ku Texas mu 1964.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta kukamvetsa. Kunsonga kwa ndodo kuli mbale yafulati, ndipo m'kati mwa mbalemo muli waya wokulungidwa kambirimbiri. Mphamvu ya batire ikadutsa m'wayamo, imatumiza mphamvu ya maginito m'nthaka. Mphamvuyo ikakumana ndi chitsulo, chitsulocho chimabweza kamphamvu kakekake, ndipo makina amakasandutsa kulira kumene wofufuza amamva m'makutu. Msomali wadzimbiri, chipolopolo chakale ndi m'bulu wa golide, zonsezi zimaŵaliza makinawo. Koma samva golide wa fumbi, kapena golide womwazika m'thanthwe lakuya monga wa m'migodi ya ku Johannesburg kumene makolo athu ankapita pa Wenela. Amamva mibulu yokha, ndiponso yapafupi: kam'bulu kakang'ono pa masentimita oŵerengeka, m'bulu waukulu mwina mpaka mita imodzi. Mfundo imeneyi tiisunge bwino, pakuti ndiyo gwero la kukwera ndi kugwa konse kwa malondaŵa.

Australia idzutsa migodi yakale

Kwa zaka zambiri mtengo wa golide unali womangidwa pa madola 35 pa aunsi imodzi, ndiye kuti magalamu 31. Mu 1971 pulezidenti Richard Nixon anamasula dola ku golide, ndipo mtengo unayamba kukwera mpaka unafika madola 850 mu Januwale 1980. Pa nyengo yomweyo amisiri anapeza njira yochepetsera phokoso limene nthaka yodzala ndi chitsulo inkachititsa m'makina. Zinthu ziŵirizi zitakumana, maso a anthu anatembenukira ku Australia.

Dziko limenelo linali litaona kale phuma lalikulu kuyambira 1851, makamaka m'chigawo cha Victoria, kumene mu 1869 John Deason ndi Richard Oates anafukula m'bulu wotchedwa Welcome Stranger, wolemera makilogalamu pafupifupi 70, patsinde pa mtengo. Okumba akalewo ankatola zimene maso aona ndi zimene mbale yagwira. Mibulu yambiri inatsala chikwiririke pakati pa maenje ao, ina m'milu ya dothi limene iwo omwe anataya. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 anthu anayamba kuyendanso m'malo akalewo ndi maditekita a ku America. Pa 26 Sepitembala 1980, Kevin Hillier anamva kulira m'makina ake a Garrett kufupi ndi mudzi wa Kingower, nakumba masentimita ngati 30 okha, n'kutulutsa m'bulu wa makilogalamu 27. M'buluwo, wotchedwa Hand of Faith, unagulidwa pa madola opitirira miliyoni imodzi ndi nyumba ya juga ya Golden Nugget ku Las Vegas. Nkhani zotere zinagulitsa maditekita koposa m'mene wotsatsa malonda aliyense akanathera. Munthu mmodzi anapeza m'bulu. Anthu zikwizikwi anagula makina.

Komabe makina a ku America anali opangidwira kufuna ndalama zakale pa kapinga, ndipo nthaka yofiira ya ku Australia inkaŵazunguza. Kusoŵa kumeneku ndiko kunabala kampani ya Minelab mumzinda wa Adelaide mu 1985, yodalira nzeru za katswiri wa sayansi Bruce Candy. Mu 1995 kampaniyo inatulutsa makina a SD 2000, amene m'malo motumiza mphamvu mosalekeza ankaitumiza modukizadukiza, n'kumamvetsera pakatipakati. Phokoso la nthaka limazirala msanga, pamene kuyankha kwa m'bulu wa golide kumakhalitsa pang'ono, motero makinawo ankamva mibulu yakuya imene akale ankailumpha. Malo amene anthu ankati anatheratu anayambanso kutulutsa golide. Pano tikuona kuti sikuti golide yekha ndiye amadzutsa malonda a makina. Makina atsopano nawonso amatha kudzutsa phuma pamalo pamene panali pataiŵalika.

Chipululu cha Sudan chimeza makina onse

Mu 2008 kampani ya Codan, yopanga mawailesi a mauthenga ku Adelaide komweko, inagula Minelab. Nthaŵi imeneyo ogula maditekita a golide ambiri anali azungu a ku Australia ndi ku America, ochita ntchitoyi mongosangalala pa tchuthi kapena atapuma pa ntchito. Posakhalitsa msika waukulu unatulukira kumene eni ake sankayang'anako.

Kumpoto kwa Sudan, pakati pa mtsinje wa Nile ndi Nyanja Yofiira, kuli dziko la Nubia kumene mafumu a ku Ejipito wakale ankatenga golide wao. Kumeneko mvula siigwa kwenikweni, mitengo ndi udzu kulibe, ndipo miyala yakhala ikusweka ndi dzuŵa ndi mphepo kwa zaka zosaŵerengeka, n'kumasiya mibulu ya golide pafupi ndi pamwamba. Malo oyenera ditekita koposa ameneŵa ngosoŵa pa dziko lapansi. Cha m'ma 2009, mtengo wa golide ukukwera chifukwa cha mavuto a chuma amene anagwedeza mabanki a ku Ulaya ndi ku America, anthu a ku Sudan anayamba kupeza mibulu ndi makina a Minelab otchedwa GPX-4500. Telefoni za m'manja zinali zitafika m'midzi, choncho mbiri imene kale ikanayenda miyezi pa ngamira inayenda tsiku limodzi.

Apa ndi pamene panaonekera kusiyana kwa liŵiro la wofuna ndi liŵiro la wopanga. Ofuna makina angathe kuchuluka kakhumi pa sabata imodzi, koma fakitale singathe kutero, pakuti iyenera kuitanitsa zipangizo, kuphunzitsa antchito ndi kuyesa makina amodziamodzi. Amalonda anayendayenda m'masitolo a ku Australia, America ndi Ulaya, akugula GPX-4500 iliyonse imene anaipeza, yatsopano kapena yogwirapo ntchito, kuti akaigulitse ku Africa. Anthu a ku Australia amene anafuna makina opangidwa kwao komwe anauzidwa kuti adikire, ndipo panali nthaŵi imene makina akale ankagulidwa pa mtengo woposa wa atsopano. Chinanso, kuyambira 1997 mpaka 2017 dziko la America linkaletsa makampani ake kuchita malonda ndi Sudan, motero katundu wambiri ankadzera m'manja mwa amalonda apakati, makamaka a ku Dubai, mzinda umene unkagulanso golide wa ku Sudan yemweyo. Dzanja lililonse limene makina anadutsamo linaonjezapo phindu lake, ndipo wolipira zonsezo anali munthu wa kuchipululu.

Popeza mtengo unali woposa mphamvu za munthu mmodzi, anthu ankapita m'magulu. Wina anali mwini ditekita, wina mwini galimoto lonyamula madzi ndi chakudya, ena onse anali oyenda ndi makina padzuŵa ndi okumba. Golide akapezeka, eni makina ndi eni galimoto ankatenga magawo ao, otsalawo n'kugaŵana antchito. Motero ditekita inasanduka chuma chobereka, ngati ngolo kapena chigayo, ndipo olemera a m'mizinda ankagula makina ambiri n'kumaŵabwereketsa kwa anyamata.

Mu Julaye 2011 dziko la South Sudan linapatuka, nkupita ndi magawo atatu mwa anai a mafuta amene ankadyetsa boma la ku Khartoum. Mu Sepitembala chaka chomwecho mtengo wa golide unafika pa madola pafupifupi 1,900. Boma linaona chipulumutso mwa okumba aja, ndipo mu 2012 linatsegula fakitale yoyengera golide ku Khartoum. Golide anasanduka katundu woyamba wogulitsa kunja, ndipo wochuluka mwa iye ankachokera kwa okumba ang'onoang'ono, osati ku makampani.

Chikomekome cha mkuyu

Pamene ofuna ali ambiri, katundu ali wochepa, mtengo uli m'mwamba, akathyali sachedwa kufika. Cha m'ma 2011 malo okonzera makina a Minelab anayamba kulandira maditekita oonongeka amene kunja ankaoneka ngati enieni, dzina ndi utoto womwewo, koma m'kati muli zipangizo zachabechabe zosadziŵika kochokera. Kampaniyo inadzazindikira kuti mapulani a makina ake anabedwa mu kompyuta ya wantchito wake pamene anali paulendo ku China, atalumikiza pa intaneti ya m'hotela. Mkulu wa Codan pa nthaŵiyo, Donald McGurk, anafotokoza zimenezi poyera mu 2015. Makina achinyengowo anasefukira m'misika ya ku Africa.

Pamwamba pa vutoli, mu 2013 mtengo wa golide unatsika ndi gawo loposa limodzi mwa anai. Codan inakakamizika kutsitsa mtengo wa makina ake kuchoka pakati pa madola 4,000 ndi 5,000 kufika pa madola ngati 2,500, ndipo phindu lake linagwa kuchoka pa madola a ku Australia 45 miliyoni m'chaka chothera mu Juni 2013 kufika pa 9 miliyoni chaka chotsatira.

Kampani inataya phindu, koma inatsala ili chilili. Amene analira koposa ndi munthu wogula makina abodza. Ditekita yachinyengo imayaka ndi kulira ndithu, ndipo ukaiyesa pa mphete m'sitolo imayankha. Chimene simva ndi m'bulu wakuya m'nthaka yovuta, ndipo mwini wake sangadziŵe zimenezo, pakuti golide amene wamulumpha saitana. Amangoti mwai wavuta, n'kumayendabe mpaka madzi ndi ndalama zitatha. Palinso makina ena a tindodo tozungulira, amene ogulitsa amati amaloza golide ali patali makilomita angapo, kapena ali pansi mamita makumimakumi. Sayansi sidziŵa makina onyamula m'manja otha kuchita zimenezo.

Phuma lioloka Sahara

Anyamata a ku Sudan amene anaphunzira kumvetsera makina sanakhale malo amodzi. Mibulu itayamba kuchepa kwao, analoŵera kumadzulo ndi maditekita ao. Cha m'ma 2013 golide anamveka ku mapiri a Tibesti kumpoto kwa Chad. Mu Epulo 2014 anamveka ku Djado, kumpoto kwa Niger, ndipo chaka chomwecho ku Tchibarakaten, kufupi ndi malire a Algeria. Mzinda wa Agadez unasanduka msika wa makina, mabatire ndi migolo ya madzi. Mu 2016 inali nthaŵi ya Mauritania: anthu zikwizikwi anachoka ku Nouakchott kupita kuchipululu cha kumpoto, mitengo ya maditekita inakwera m'masabata oŵerengeka, ndipo patapita miyezi yochepa ambiri anabwerera akutsatsa makina omwewo pa mtengo wolira.

Maboma nawo analoŵererapo pa malondaŵa, lililonse m'njira yake. La Mauritania linasankha kudyapo, polipiritsa msonkho pa makina ndi ziphaso za ofufuza. La Niger linatseka Djado mu 2017. Ku Algeria asilikali akhala akulanda maditekita m'chipululu cha kumwera. Koma kuletsa sikunathetse kufuna. Kunangosamutsa makina kuchoka m'sitolo kupita m'njira zozemba, ndi kuonjezera mtengo wake.

Opanga nawo anaphunzirapo. Anazindikira kuti wogula wao wamkulu salinso mzungu wa pa tchuthi wokonda kuŵerenga buku la malangizo, koma mnyamata wa kuchipululu wofuna makina olimba, opepuka, osavuta kuyatsa ndi otsika mtengo. Mu 2015 Minelab inatulutsa GPZ 7000, ya madola pafupifupi 10,000, yomva mozama koposa. Koma mu 2017 inatulutsanso Gold Monster 1000, ya madola osafika 1,000, yodzikonza yokha malinga ndi nthaka. Makampani ena, monga Nokta ya ku Turkey, analoŵanso pa mpikisano. Kampani yakale ija ya White's inalephera kupirira, nitseka mu 2020, dzina lake n'kugulidwa ndi Garrett.

Golide samera

Nanga n'chifukwa chiyani malonda ameneŵa sakhazikika ngati a makasu kapena a njinga? Yankho lili pa mfundo imene tinasunga ija. Khasu limagulidwa chaka ndi chaka chifukwa munda umabala chaka ndi chaka. Koma m'bulu wa golide ukatoledwa, pamalopo sipameranso wina. Gulu loyamba kufika pamalo atsopano limatola mibulu ikuluikulu. Lachiŵiri limatola timibulu. Lachitatu, limene ndilo lalikulu koposa popeza lamva mbiri ya oyamba aja, limapeza maenje ndi zitini za anzao. Ndipo gulu lachitatuli ndilo limene limagula makina pa mtengo wapamwamba, chifukwa limafika nthaŵi imene aliyense akuŵafuna.

Pamwamba pakatha, ntchito imasintha nkhope. Ku Sudan ena anabweretsa mathirakitala opala dothi kuti ditekita imve zapansi. Ena anatsata misempha ya golide m'matanthwe, nayamba kukumba zitsime zakuya, kuphwanya miyala m'zigayo ndi kugwira golide wa fumbi ndi mankhwala a mercury, amene amaononga ubongo wa munthu ndi madzi omwe. Pa ntchito yotere ditekita sikhalanso mfumu. Ndalama zimasamukira kwa ogulitsa majenereta, zigayo ndi mafuta. Ndipo popeza chitsime sichisuntha monga amasunthira munthu woyenda ndi makina, pamabuka funso lakuti malowo nga yani. Ku Jebel Amer, m'chigawo cha Darfur, nkhondo yolimbirana migodi inapha anthu mazanamazana mu 2013. Ku Kouri Bougoudi, kumpoto kwa Chad, anthu pafupifupi 100 anafa pa ndeu ya okumba mu Meyi 2022.

Tsono msika wa ditekita umadzuka pa zifukwa zitatu: malo atsopano akapezeka, mtengo wa golide ukakwera, kapena makina omva mozama akatuluka. Umagwanso pa zifukwa zitatu: mibulu ikatha, mtengo ukatsika, kapena nkhondo ndi malamulo zikatseka njira. Zaka zaposachedwa zaonetsa zonsezi motsatana. Mu Ogasiti 2020 golide anapitirira madola 2,000, ndipo Codan inagulitsa maditekita kuposa kale lonse m'chaka chothera mu Juni 2021. Asilikali atalanda boma ku Sudan mu Okotobala 2021, malonda ake a ku Africa anatsika kwambiri, ndipo mu Epulo 2023 dzikolo linagwa m'nkhondo ya pachiŵeniŵeni imene mbali zake zonse zimadalira golide. Mtengo sunaleke kukwera: mu Okotobala 2025 unapitirira madola 4,000.

Funso la pabanja

Tisaiŵale kunena zabwino zake. Ditekita inatsegulira amphaŵi khomo limene kale linali la makampani okha. Munthu wotola mibulu safuna mercury kapena chitsime choti chimugwere. M'maiko a m'mphepete mwa Sahara, kumene ntchito n'zosoŵa ndipo chilala chimapha ziŵeto, alipo ambiri amene anamanga nyumba, kukwatira ndi kuphunzitsa ana ndi golide wa makinaŵa. Amene ananena kuti zonse n'zachabe sananene zoona.

Koma nkhaniyi silinso ya kutali. Ku Zimbabwe okumba ang'onoang'ono akhala akuyenda ndi maditekita kwa zaka zambiri. Ku Zambia anthu anakhamukira ku Kasenseli, m'boma la Mwinilunga, mu 2019. Kuno ku Malaŵi golide wamveka ku Makanjira ndi madera ena, ndipo mu 2021 banki yaikulu ya Reserve inayamba kugula golide kwa okumba ang'onoang'ono kudzera ku Export Development Fund. Mtengo ukakhala m'mwamba chotere, silichedwa tsiku limene mwana kapena mlamu amafika pakhomo ndi pempho lakuti banja ligulitse ng'ombe, kapena litenge ngongole, kuti agule makina.

Mbiri imene tatsatayi ikupatsa banja lotero mafunso oyenera kufunsa lisanamasule chingwe cha ng'ombe. Kodi golide wa kumaloko ndi wa mibulu, kapena wa fumbi lotsuka m'mitsinje limene makina samva? Kodi mbiri yafika kwa ife itayenda miyezi ingati, ndipo ndi magulu angati amene adutsapo kale? Kodi wogulitsa ngwodziŵika kwa eni makina, ndipo akaonongeka adzakonzedwa kuti? Kodi chiphaso cha boma chilipo, kuti makinawo asalandidwe? Ndipo phuma likatha, makina ogulidwa pa mtengo wa ng'ombe zingapo adzagulitsidwa pa mtengo wanji, pamene aliyense adzakhala akugulitsa ake? Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Kuyambira pa fosholo ya Brannan mpaka pa makina a ku Adelaide, dongosolo silinasinthe. Wopanga amalandira zake fakitale ikatulutsa katundu, wamalonda wapakati amalandira zake pa kauntala, boma limalandira zake pa chipata, ndipo onseŵa amalipidwa golide asanaoneke. Wokumba yekha ndiye amalipira poyamba ndi kulandira pomaliza, ngati alandira n'komwe. Wofuna kuloŵa m'ntchito imeneyi aloŵe akudziŵa malo ake pamzerewo, ndipo aŵerengere osati za m'bulu umene mnzake anapeza, koma za chimene ana adzadya makinawo akakhala chete mwezi wathunthu.